Ng'ombe ya Chilonda Pakhosi

Ndinali ndi ng'ombe ziwiri zapangolo, yakuda ndi yamawanga. Sindinachite kupatsidwa. Ndinagula ndi thonje langa, ndipo kuyambira ku Lirangwe mpaka kwa Kuntaja anthu ankaidziwa ngolo yanga.

Masiku amenewo ng'ombe iliyonse inkayenera kupita kudibi. Linali lamulo, ndipo sindinkadana nalo, chifukwa nkhupakupa zinkatha ziweto. Tsiku lina yamawanga itatuluka m'madzi a mankhwala aja, mlangizi wa ziweto anaiimitsa. Anali munthu wophunzira, wa kabudula wa khaki wosita bwino. Analoza pakhosi pamene goli linasupula.

"Bambo, chilonda ichi mwachiona?"

"Ndachiona. Ndikupakapo girisi."

"Girisi ndi wa njinga. Boma linaletsa kuzunza nyama. Ndikaiona pagoli isanapole, mukayankha kukhoti."

Anandidzudzula pagulu ngati mwana. Zinandiwawa, koma ananena zoona. Ndinaipumitsa. Ngolo ya ng'ombe ziwiri siyenda ndi imodzi, choncho ntchito inaima. Nkhuni ndi madzi tinkasenza tokha, ine ndi mayi a kunyumba. Chilonda ndinkachitsuka ndi madzi amchere n'kuchiphimba kuti ntchentche zisaikirepo mazira. Chinayamba kuuma m'mbali.

Kenaka kunamveka kuti mtsogoleri wa dziko atsikira pabwalo la ndege ku Chileka. Pamsewu pankafunika kuzika mitengo yomangapo nsalu ndi mbendera. Atcheyamani a chipani a dera lathu anafika pakhomo ndi anyamata awo.

"Achimwene, ngolo ija mawa," anatero. "Mabulugamu tadula kale."

"Ng'ombe ili ndi chilonda. Anailetsa goli."

"Anailetsa ndani?"

"Boma."

Anaseka, natembenukira anyamata aja. "Mwamva? Akutiphunzitsa ife za boma." Kenaka anandiyang'ana. "Kapena ng'ombe yanuyo ndi ya chipani china?"

Chipani chinali chimodzi. Funso lotero linkasowetsa munthu pamudzi. M'mawa mwake ndinamanga goli.

Inali nyengo yotentha, mvula isanagwe. Mitengo inali yaiwisi, ndipo anapachira mpaka ngolo kulira. Ndinakulunga chiguduli pagoli, koma tisanapite patali nkhanambo inasupuka. Magazi anayenderera mpaka m'miyendo. Ntchentche zinatipeza. Pachitunda china yamawanga inagwada. Mmodzi wa anyamata a chipani anandilanda chikwapu n'kumamenya pachilonda penipenipo, ati ndi pamene nyama imamvera.

Mlangizi uja anatipeza pomwepo ali panjinga. Nayenso anali ataitanidwa ku Chileka kukathandiza zokonzekera. Ndinamuitana. Anayang'ana ng'ombe, anayang'ana atcheyamani, n'kuwerama ngati akuona tcheni cha njinga yake. Anapalasa osacheuka.

Mitengo inafika. Pobwerera, ngolo ilibe kanthu, yamawanga inagwa pafupi ndi golosale ya Msilamu wina amene ndinkamunyamulira katundu. Inagona cham'mbali, thovu kukamwa, maso atatuzuka. Mwini golosale anaiona kamodzi n'kulowa kukatenga mpeni.

"Achimwene, tizinge msanga. Ikafa yokha palibe Msilamu angadye, ndipo inu mutaya zonse. Komanso taonani mmene ikuvutikira."

Nyanga ndinagwira ndekha. Iye anatchula dzina la Mulungu n'kudula. Mwa anthu onse a tsiku limenelo, amene anaichitira chifundo ng'ombe yanga ndi wa mpeniyo.

Tili mkati mosenda, mlangizi anatulukira akuchokera ku Chileka. Tsopano maso ake ankaona. Anatsika panjinga, nati nyama imene iye sanaiyeze siyenera kugulitsidwa, ndi lamulo. Anatambasula chikopa, anagwira pakhosi paja, napukusa mutu.

"Ndinakuchenjezani, bambo."

Mpeni unali m'manja mwanga. Ndinauika pansi.

Anati akhululuka, sapita nane kukhoti, koma atenga mwendo wathako kuti akauyeze ku ofesi. Anaumanga pakaliyala ndi mphira. Magazi ankadonthera pa kabudula wosita uja, iye osasamala. Atcheyamani atamva anatumiza anyamata awo kudzatenga chiwindi. Yotsalayo anandithandiza kugulitsa mwini golosale uja.

Yakuda ndinaigulitsa mvula itagwa. Ngolo inachita dzimbiri kuseri kwa nkhokwe, ndipo kudibi sindinapondekonso.

Mlangizi uja anakalambira ku Lirangwe konkuno. Tinkakumana pamsika, iye n'kutambasula dzanja, "Muli bwanji, bambo?" Dzanja langa sanaligwirepo mpaka anamwalira.