Katswiri wa Liwiro wa Pakhonde

Malalanje akachita maluwa kuno ku Hollywood, mkulu wa nyumba yapangodya amavala magalasi awo a mpikisano n'kukhala pakhonde. Aliyense amawalemekeza, pakuti anawaonapo m'kanema wakale akupambana mpikisano wa magalimoto. "Liwiro ndi mtima, ana inu," amatero.

Chilimwe chatha moto wolusa utatsika m'mapiri, mayi woyandikana nawo anawaponyera makiyi a galimoto yake. "Agogo, amuna anga kulibe, tithawitseni!"

Mkuluyo anakhala pachiwongolero n'kumachipotoza mwaukatswiri, galimoto ili chiimire.

"Nanga bwanji, agogo?"

"Kujatu pojambula kanema uja, galimoto anyamata ankangoigwedeza ndi manja," anayankha chapansipansi, "msewu n'kumathamanga wokha pansalu yoonetsera zithunzi kumbuyo kwanga."

Mayiyo anawasunthira kumpando winawo nayendetsa yekha. Mkuluyo anakonza magalasi awo, natulutsa dzanja pawindo kuti anthu awaombere m'manja.