Lilime lomwe munkaletsa, Azakhali

Lero ndadutsa pa shopu ya mankhwala achitchaina ija ku Kings Heath, fungo la mizu landikumbutsa inu, Azakhali. Paja kathumba kokuta mtima wanga katatupa, ndikulephera ngakhale kugona chagada, munaweruka ku shift yanu ya kuntchito osapuma n'kundiperekeza kumeneko. Dokotala wachikulire uja atandigwira pamkono, anati nditulutse lilime alione. Inu phaa pantchafu panga: "Iwe, wakulira kuti? Munthu wamkulu samutulutsira lilime!" Mpaka iye anatulutsa lake kuti mukhulupirire kuti ndi mmene amayezera matenda. Ndinaseka nditagwira pachifuwa. Mizu yowawa yomwe anatipatsa ija munakaionetsa kaye kwa GP, dokotala wanga wa nthawi zonse, kuti isalimbane ndi mapiritsi akuchipatala, kenako n'kumandiwiritsira, mutaimirira pomwepo mpaka nditamaliza kapu.

Azakhali, kuchipatala andiuza kuti mtima uli bwino, ndisabwerenso! Masitepe a ku flat yanu yakale ku Nechells, omwe munkandikweza mutandigwira m'chiuno, lero ndawakwera chothamanga. Ndafika pamwamba ndili wefuwefu, lilime lonse panja, koma wondimenya pantchafu palibe. Usani mumtendere, mwana wanu wachira.