Tsiku limene wailesi yathu inafika kwa apongozi

Amuna anga anagula wailesi. Sindikunena kamabatire kaja kogula pa Mponela ayi, koma nyumba youlutsira mawu yeniyeni, ndi mlongoti wake pamwamba pa phiri, kumalire a Dowa ndi Ntchisi. Mwini wake anaigulitsa akumwetulira kwambiri, ndipo ine wogulitsa akamamwetulira choncho mtima sukhala m'malo.

Kuti ndalama zikwane anagulitsa ng'ombe za malemu bambo awo. Mayi awo, apongozi anga, analola chifukwa cha lonjezo limodzi: m'mawa uliwonse azimva mwana wawo akuwapatsa moni pa wailesi, mudzi wonse ukumva.

Titagula m'pamene tinadziwa kuti chinthuchi n'chadyera. Laisensi ifuna zake, magetsi afuna zawo, akazima jenereta ifuna dizilo, eni nyimbo nawonso akuti tizilipira. Obweretsa ndalama ndiye kunalibe. Wobwera ndi uthenga wa maliro ankapezeka kuti ndi m'bale, nanga wofedwa ungamuuze mtengo? Wagolosale ankati, "Ndilengezerenji? Anthu amadziwa kale pamene ndili." Anyamata oulutsa mawu anatopa ndi kudya kutchuka, anachoka mmodzimmodzi. Amuna anga anatsala okha: nkhani iwo, zamaliro iwo, zamalonda iwo.

Chowawa chenicheni chinali china. Mudzi wa apongozi uli m'chigwa, kuseri kwa phiri lina, ndipo mawu athu ankangodutsa pamwamba. Ku Mponela ankatimva, ku Ntchisi Boma ankatimva, koma mayi akapotokola kawailesi kawo ankangomva phokoso ngati la mvula pamalata. Moni unkaperekedwa tsiku lililonse, mwini wake osaulandira. M'mudzi zinayamba kumveka kuti ng'ombe zinathera ku mowa. Apongozi anangoyamba kukhala pa benchi lakumbuyo kutchalitchi. Zinkandimvetsa chisoni kwambiri.

Katswiri wa makina anati mlongoti utalikitsidwe. Ndalama zake anapereka munthu mmodzi yekha amene ankalipira osanyinyirika, sing'anga wina wogulitsa mankhwala obwezera mphamvu kwa abambo. Anangopempha kuti uthenga wake uziwerengedwa monga waulembera, nthawi imene anthu akuweruka kumunda, osaphonya ngakhale kugwe chiyani.

Ntchito itatha, amuna anga anandituma kumudzi ndi mabatire atsopano. Apongozi anaitana amayi onse a mphakati wawo pamodzi ndi aphunzitsi a tchalitchi, anayala mikeka, anawiritsa mtedza, kawailesi n'kukaika pampando woyalapo nsalu yoyera. Moni unayenera kumveka m'mamawa. Magetsi anazima kunyumba youlutsira mawu kuja. Dizilo ndinkadziwa ndine ndekha kuti kulibe. Tinakhala mpaka dzuwa linayamba kuwawa, mtedza unatha, ena anayamba kumanga bwino zitenje kuti azipita.

Kenaka kawailesi kanatsokomola, mawu a amuna anga n'kumveka bwinobwino ngati aima pakhomo pomwepo. Apongozi anadzambatuka, nthungululu ili pakamwa.

"Abambo, kodi kunyumba akukudandaulani?" anatero amuna anga. "Kodi mayi akumagona atayang'ana kukhoma? Musachite manyazi. Ngakhale ine amene ndikulankhulane ndinali wofooka, akazi anga angachitire umboni."

Ndiye kuti magetsi anayaka nthawi ya sing'anga itakwana. Maso onse anatembenukira kwa ine. Aphunzitsi anapeza chochita ndi makoko a mtedza. Mayi wina anafunsa chapansipansi ngati mankhwalawo anathandizadi, ndipo ndikanakhala ndi khasu ndikanadzikumbira dzenje pomwepo.

Apongozi anakhala pansi pang'onopang'ono. Anamvetserabe mpaka mwana wawo anamaliza kutchula mitengo ya mabotolo, poganiza kuti mwina moni ubwera pambuyo. Panabwera nyimbo. Anatambasula dzanja, n'kuzimitsa.

"Pepani aphunzitsi, yagwira ina iyi," anatero. "Ya mwana wanga ija sifika kuno."