Pikapu yakwera, apongozi atsala pansi

Loweruka lapitali achimwene anga, bambo a Tadala, anandipeza ndikupukuta nsapato pakhonde n'kundiuza kuti ndiwaperekeze ku Biwi, kuja kuli magalaja ambiri. Agula pikapu yatsopano, yoyera kuti mbee, mipando ikadali m'mapulasitiki. Koma mwezi usanathe anali atayamba kale kuidandaula kuti ndi yaifupi.

Dandaulo lawo linali lomveka. Amakhala ku Area 25, kuseri kwa msika wa Nsungwi, ndipo msewu wolowera kwawo uli ndi chigwembe chimene mvula imachikulitsa chaka ndi chaka. Pikapu ikafika pamenepo imakhula mimba pansi, mwini wake n'kumva ngati akhulika ndi iyeyo. Ndiye anaganiza zoikweza ndi kuiveka matayala akuluakulu.

Ndinene msanga chimene anagulira galimotoyi. Kunyamula katundu, inde. Koma chifukwa chimene ananena banja lonse likumva ndi apongozi awo, Anangozo, amene anachoka ku Ntcheu kudzakhala nawo mawondo atayamba kuvuta. Mwezi uliwonse amayenera kukaonana ndi dokotala, ndipo kuchoka kunyumba kukafika pasiteji ya minibasi amapumira pamthunzi uliwonse umene aupeza. Tsiku limene pikapu inabwera, achimwene ananjuta chapatali monga mwa ulemu n'kunena kuti, "Amayi, zoyenda pansi zija zatha." Gogoyo analuluta.

Ku Biwi tinapita kwa amakaniko awo, Che Yusufu, munthu wa ku Mangochi. Anaizungulira galimoto, anasuzumira pansi, kenako anatipatsa njira ziwiri. Yoyamba inali kuwonjezera chitsulo chimodzi pa masipuling'i akumbuyo, kukweza kutsogolo pang'ono, n'kuika matayala okulirapo. Yachiwiri inali kuchotsa masipuling'i onse, kuika ataliatali, n'kuveka matayala a mano ngati aja timawaona pa galimoto za mabungwe.

"Yoyambayo pachigwembe chanucho ikwana, bwana," anatero Che Yusufu. "Yachiwiriyi mafuta izimwa ambiri, ndipo pakona muzichepetsa liwiro. Komatu, eee, anthu azikuonerani patali."

Pa mawu onsewo achimwene anamva omalizawo basi. Ine nditati yoyamba ija ikwana, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato ndinkapukuta zija.

"Iwe wa minibasi ukudziwa chani za galimoto?"

Ndi zoona, ndine wa minibasi.

Tinakamba zambiri pagalaja paja. Tinakamba za chigwembe, za mafuta, za matope a kumunda kwawo ku Tsabango, mpaka tinayeza ndi manja ngati pikapu yokwezedwa ingalowe pansi pa denga la malata limene amaimikapo. Amuna atatu ndi ndevu zathu, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatchula mawondo a Anangozo. Alamu anga, mayi a Tadala, akanawatchula, koma sanafunsidwe.

Lachinayi linali tsiku la kuchipatala. Ndinalawirira kwa achimwene kuti ndipezereko lifiti ya m'tauni. Alamu, amene ndi aphunzitsi, anali atapita kale kusukulu. Pikapu inali itaima pabwalo ngati nkhokwe, ndipo ndisaname, imaoneka bwino.

Anangozo anatuluka atatchena, chitenje chatsopano, duku lomanga bwino, ngati akupita ku chinkhoswe. Achimwene anawatsegulira chitseko n'kubwerera m'mbuyo. Mpando wa galimoto unali pachifuwa pa gogoyo. Anakweza mwendo, sunafike. Achimwene anathamangira kampando ka m'khichini. Anapondapo, kampando kanagwedera, bondo linakana.

Apa inu owerenga simukufunika kufotokozeredwa. Mkamwini sagwira apongozi. Kwathu ku Ntcheu mukakumana pa njira, mmodzi amapatukira kutchire. Ndiye lero awagwire m'chiuno n'kuwakankhira m'galimoto ngati thumba la chimanga? Ine ndine mng'ono wa mkamwini, lamulo lake ndi lomwelo. Tinangoima amuna awiri amphamvu zathu, manja kumbuyo.

Mayi wina woyandikana nawo anabwera kudzathandiza, koma Anangozo ndi munthu wa thupi lake, ndipo mwendo ukakwera kwambiri chitenje chimatseguka. Anthu anali atayamba kusuzumira pageti. Gogoyo anatsika pakampando, anakonza duku, anati, "Basi, ana anga, zakwana." Anatola ndodo yawo n'kuyamba ulendo wa pasiteji. Ndinawamvera chisoni, ndipo manyazi amene anali pankhope pa achimwene sindinawaonepo chiyambire.

Safunsa anadya phula, tikudziwa. Koma nkhaniyi si ya achimwene okha.

Pikapu ya m'tauni muno, kaya ku Kawale, ku Chinsapo kapena ku Mgona, si ya mwini wake yekha. Mayi akadwala matenda a pakati, amagogoda kwa mwini pikapu. Kukagwa zovuta, bokosi limakwera pa pikapu, amayi oimba nyimbo atakhala m'mbali. Osamuka nyumba, okolola, a zikwati, onse ndi pikapu. Tsono ukamaikweza, wakweza galimoto ya anthu onsewo. Ndani mwa iwo ali ndi miyendo ya mnyamata wosewera mpira? Mayi woyembekezera akwera bwanji? Amene amasenza matumba a chimanga ku Tsabango anafunsidwa ngati mapewa awo atalika nawo?

Palinso china. Chigwembe cha kwa achimwene si chatsopano. Kale mvula ikatha, amuna a mumsewu umenewo ankatuluka Loweruka ndi makasu ndi mawilibala, kuthiramo zidutswa za njerwa ndi dothi. Amene ankayenda khomo ndi khomo kuitana anzawo anali eni magalimoto, chifukwa ndi amene chinkawapweteka. Achimwene anali m'gulu la oitanawo pamene anali ndi kagalimoto kawo kakale.

Tsopano mmodzi ndi mmodzi akugula zazitali kapena kukweza zimene ali nazo. Munthu amene galimoto yake yasiya kukhula pansi sagwiranso khasu. Sakhala woipa mtima ayi, amangoiwala kuti pali chigwembe. Otsala nacho ndi a njinga, ana a sukulu, amayi osenza nkhuni, ndi okalamba. Amenewo akadandaula, mawu awo samveka kutali.

Ndi khalidwe limene lafala. Madzi akasiya kutuluka, amene angathe amaika thanki pamwamba. Magetsi akamazima, amagula jenereta. Msewu ukawonongeka, amakweza galimoto. Aliyense akudzipulumutsa yekha, ndipo ku msonkhano wokakumbutsa a khonsolo za msewu kumapita okhawo amene alibe pothawira. Kodi tikweza mpaka pati? Chigwembe chikadzakula, tidzagula mathirakitala?

Musandimve molakwa. Sindikuti kukweza galimoto ndi tchimo. Amene mumayenda misewu ya kumudzi nthawi ya dzinja mukudziwa kufunika kwake. Ndikungoti musanapite ku Biwi, musayeze chigwembe chokha. Yezaninso mwendo waufupi ndi wofooka kwambiri m'nyumba mwanu, ndipo funsani amayi a kunyumba, chifukwa iwo amadziwa amene amakwera galimotoyo inu mukakhala pachiwongolero. Njira yoyamba ija ya Che Yusufu ikanadutsa pachigwembe, ikanakwezanso Anangozo.

Tibwerere ku Lachinayi lija. Ine ndinanyamula chikwama cha gogoyo n'kumayenda chapambuyo. Achimwene sakanatha kutisiya, sakanathanso kutitenga, ndiye ankatitsata pang'onopang'ono ndi pikapu yopanda munthu. Titafika pachigwembe, Anangozo anatsetsereka cham'mbali atatsamira ndodo, n'kukwera tsidya linalo akupuma movutika. Pikapu inadutsa pomwepo osakhudza pansi ngakhale pang'ono. Che Yusufu ntchito amaidziwa.

Achimwene anaima, anatsika, n'kunjuta m'mbali mwa msewu.

"Amayi, pepani. Mawa ndikawotcheretsa sitepe pachitsekopo, muzipondapo."

Gogoyo sanawayang'ane, monga mwa mwambo. Anayang'ana galimoto.

"Musavutike, bambo. Zoti anthu azidzandionerera pageti ndikulimbana ndi chitenje, kamodzi kaja kakwana. Galimoto yanu ndi yabwino. Ndidzaikwera ndithu, kumbuyoko, tsiku limene anthu adzandinyamule pondibwezera ku Ntcheu."

Sananene mokwiya. Ananena ngati munthu amene akukumbutsa za tsiku la msika, kenako anapitiriza ulendo wa pasiteji.

Dzulo achimwene anandiimbira foni kufunsa ngati masipuling'i akale aja angabwezeretsedwe. Ndinawauza kuti ine ndine wa minibasi, akafunse ku Biwi. Zoti gogoyo adzavomera kuyesanso, palibe akudziwa.

Nanga inu amene mukuganiza zokweza yanu, amene munawalonjeza kuti zoyenda pansi zatha adzaikwera ali moyo?