Matabwa a Pangalande

Wosoka nsapato wina ankakhala kutsidya kwa ngalande yaikulu, m'nyumba yomwe khomo lake linayang'ana kumsewu. Ntchito ankagwirira pakhonde. Anali munthu wofatsa ndi waulemu wopitirira. Ukamubweretsera nsapato yong'ambika, ankayamba wakufunsa za kunyumba, za ana, za chifuwa cha amayi ako, kenako n'kutenga singano. Anthu ankauzana kuti, "Kwa bambo aja muzipita mutadya."

Mkazi wake anadulidwa mwendo chifukwa cha matenda a shuga. Kuchipatala anamupatsa njinga ya olumala, koma ulendo wa njingayo unkathera pangalande. Powolokera panali matabwa akalekale, ofumbwa m'mbali. Tsiku la kuchipatala likafika, bamboyo ankabereka mkazi wake, n'kuwoloka pang'onopang'ono matabwa akulira, kenako n'kubwerera kukatenga njinga. Mayiyo ankabisa nkhope paphewa la mwamuna wake, poti ogulitsa malonda m'mbali mwa msewu ankasiya zochita n'kumawayang'ana.

"Mvula ikayamba mudzandiponya m'madzimu, bambo," anatero tsiku lina.

"Ndinakuponyaniponi?"

"Ayi. Koma mawondo anuwo ndimawamva akunjenjemera."

Khonsolo italengeza ntchito za chaka chimenecho, inatchula msewu wa kumsika ndi magetsi a padepoti. Za ngalande, zii. Anthu a m'deralo analemba dandaulo, n'kusainira. Lamulo linkati pafunikanso munthu mmodzi wokalifotokoza pamaso pa makhansala, mwachidule, ndipo belu likalira azikhala pansi. Onse analoza wosoka nsapato, poti ndiye amene katundu wa nkhaniyi anali pamsana pake.

Anavala jekete lake la ukwati. M'chipinda cha msonkhano munali tebulo lalitali, mabotolo a madzi, ndi mlembi amene anaika dzanja pafupi ndi belu. Atamuitana, anaimirira, n'kupinda manja. Anapereka moni kwa wapampando ndi kufunsa mmene adzukira. Anatembenukira kwa khansala woyamba, wachiwiri, mpaka wa kumapeto kwa tebulo, kuopa kuti wina angadandaule kuti wadumphidwa. Anathokoza chifukwa cha msewu wa kumsika. Anapepesa powatayitsa nthawi. Akuti azikoka mpweya kuti atchule ngalande, belu linati ngii.

"Nthawi yanu yatha, bambo," anatero mlembi.

"Pepani, komatu sindinayambe."

"Lamulo ndi lamulo. Mudzabwere pa msonkhano wotsatira."

Madzulo ake mlamu wake, mchimwene wa mkaziyo, anafika pakhonde atamva kale. "Alamu, tinakutumani kukapempha mlatho kapena kukafunsira mbeta?" Bamboyo anangoweramira nsapato imene inali pamiyendo pake, n'kumasoka pamalo posokedwa kale.

Mkazi wake ndiye sanaseke. M'mawa mwake anatenga supuni ndi kapu yachitsulo, n'kuuza mwamuna wake kuti aimirire pakati pa chipinda.

"Ine ndine wapampando. Yambani."

"Olemekezeka, choyamba ndikufuna..."

Supuni inagunda kapu.

"Mayi, munthu angalankhule bwanji ndi akuluakulu ngati akuthamangitsa nkhuku?"

"Ulemu wanuwo sudzandiwolotsa. Yambaninso."

Anayeserera choncho masiku ambiri, mpaka ana a pafupi anayamba kuganiza kuti m'nyumbamo mwatsegulidwa sukulu.

Pofika msonkhano wachiwiri, mitambo inali itayamba kuda. Bamboyo anaimirira, mawu a moni atadzaza m'kamwa. Anawameza. Ankadzimva ngati walowa m'nyumba ya eni osagogoda. Anayang'ana pansi, n'kunena:

"Mkazi wanga ali ndi mwendo umodzi. Popita kuchipatala ndimamubereka pa matabwa owola a pangalande. Ndakalamba, ndipo mvula yayandikira. Ndikadzaterereka, tidzapita tonse awiri. Tikupempha powolokera poti njinga yake idutse."

Anakhala pansi belu lisanalire. Kenako khansala wina wamayi anafunsa mkulu woona za misewu ngati panalibe chimene chingachitike. Mkuluyo anati pantchito ya kumsika panatsala zidutswa zikuluzikulu za konkire zovundikirira ngalande. Wapampando anafunsa ovomereza, ndipo manja anakwera, ena mochedwa.

Mvula yoyamba inafika ogwira ntchito asanabwere. Inakokolola thabwa limodzi, ndipo mayiyo anaphonya tsiku lake la kuchipatala. Bamboyo ankangokhala pakhonde, maso kumsewu, nsapato za anthu zitaunjikana pambali pake.

Lole inabwera sabata yotsatira. Amuna ovala magambuti anazula matabwa otsalawo, n'kuyala konkire, n'kuthira dothi mbali zonse kuti pasakhale chitunda. Tsiku la kuchipatala litakwananso, bamboyo anakankha njinga mpaka m'mphepete mwa ngalande, ndipo mwachizolowezi anawerama, n'kupereka msana.

"Dzukani, bambo," anatero mkazi wake. "Anthu akuona."

Mayiyo anagwira mateyala a njingayo ndi manja ake, n'kuyamba kuwoloka yekha.