Zala Ziwiri za Dhanraji

Kuno ku Batinikama ukafunsa za Dhanraji, anthu amayamba ndi lakri zake, timitengo ta ufa wa tirigu tokazinga tija timene shuga amatikuta mbee. Amati m'chigawo chonse cha Labasa panalibe wina wozitha ngati iye. Akatero amatsitsa mawu n'kutchula dzanja. Ine ndiyamba ndi dzanjalo, chifukwa tsiku limene linawonongeka ndinali pomwepo, ndipo sindinachite kanthu.

Ndine Kalawati. Ndinakwatiwa ndi mkulu wake wa Bisun Deo, ndipo patatha chaka Bisun anakatenga Dhanraji ku Dreketi, kwa olima mpunga. Kanali katsikana ka zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, koonda ngati nzimbe ya chilala, koseka ndi mano onse pa chilichonse. Tinkakhala nyumba imodzi ndi apongozi athu aakazi, n'kumaphika khitchini imodzi. Iye ankanditchula Didi, mkulu wake, ngakhale ndinkamuposa ndi zaka ziwiri zokha.

Pa Diwali yake yoyamba, chikondwerero chathu cha nyali, apongozi anamuika pa chiwaya cha madzi a shuga. Lamulo lake mwana aliyense amalidziwa: chophikira Lakshmi, mulungu wathu wamkazi wa chuma, sichilawidwa. Chimene chakhudza pakamwa pa munthu chasanduka jutha, makombo, ndipo mulungu sapatsidwa makombo. N'chifukwa chake shuga timamuyesa ndi zala. Umadonthezera pang'ono pa chala, kupanikiza ndi chala chachikulu, n'kutanula pang'onopang'ono. Kakaoneka kaulusi kamodzi, ndi wa gulab jamun, timipira tofewa toviika m'madzi a shuga. Tikaoneka tiwiri, ndi wa lakri. Ukatero umasamba m'manja.

Dhanraji anayesa, timaulusi tinatuluka tiwiri, iye n'kukondwa. Chala chinangopita chokha pakamwa monga chimachitira cha mwana aliyense, kenako anagwira chipande n'kutakasa.

"Wanyambita!" anakuwa apongozi. "Bisun! Bwera udzaone galu amene watibweretsera m'nyumba muno!"

Bisun anali kuseri akusambitsa ng'ombe. Anavula nkhwaira pakhomo, chifukwa m'khitchini ya zophikira mulungu salowa ndi nsapato, ndipo analowa mwaulemu wake wonse. Sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Chala chiti?"

Mwana uja anamuonetsa, kamseko kamantha kadakali pamilomo. Bisun anagwira dzanjalo pamkono n'kuliviika m'chiwaya. Kulira kumene kunatuluka pamenepo sindinakumvenso kwina, ngakhale kwa mbuzi yozingidwa. Anakankha ndi miyendo, anagwetsa mbale za barfi, maswiti athu oyera a mkaka, analuma phewa la mwamunayo, koma dzanja silinatuluke mpaka apongozi ananena kuti, "Basi, wamva." Shuga wa timaulusi tiwiri sachoka msanga. Anakakamira pazala, ndipo pomuchotsa anachoka ndi khungu. Ine ndinali chiimire pakona, m'manja muli mtanda wa ufa, ndikuufinyabe ngati chitsiru.

Kuchipatala namwino anafunsa chimene chachitika. Bisun anayankha kuti, "Anaterereka. Ndi wosasamala, ndamuuza kambirimbiri." Namwino anandiyang'ana ine, ndipo ndinagwedeza mutu kuvomera. Madzulo ake tinayatsa nyali zadothi pakhonde ponse, tinatumiza mbale kwa oyandikana nawo, ndipo anthu anati nyumba yathu yawala kuposa zonse.

Zala ziwiri, chamkombaphala ndi chapakati, zinapola zitamatirirana, zosalala ngati sera, zosamva kanthu. Ndi zala zimenezo zimene zinamutchukitsa. Ife tonse timayamba tauzira shuga kuti azizire, ndipo pouzirapo nthawi imatidutsa. Dhanraji ankangoviika zala zakufazo m'chiwaya chowira, n'kutanula, n'kuona ulusi pa nthawi yake yeniyeni. Akazi ankati ali ndi dalitso. Ndikawamva ndinkafuna kuwalavulira m'maso, koma nanenso lakri zakezo ndinkadya, ndipo zinali zokoma.

Apongozi atamwalira tinagawana munda, nyumba zathu n'kutalikirana pang'ono, pakati pali njanji ya sitima ya nzimbe. Mtunda umenewo sunali wokwanira kubisa phokoso. Musaganize kuti Bisun anali chidakwa. Mowa sankaukhudza, nyama sankadya, ndipo Lachiwiri lililonse ankaimba ng'oma kukachisi mpaka amuna akuluakulu kugwetsa misozi. Dzanja lomwelo ndi limene linagulula mano awiri a Dhanraji chifukwa ng'ombe inalowa m'munda wa mpunga. Chaka china linamuthyola nthiti ndi mpini wa khasu ali ndi pakati, ndipo mwanayo anabadwa wakufa. Mwamuna wanga, Mulungu amukhululukire, ankangoti, "Za m'nyumba ya mng'ono wanga sizindikhudza," n'kukweza wailesi.

Dhanraji sanasanduke munthu wokoma, ndisakunamizeni. Anauma ngati chitsa. Ankadula nzimbe limodzi ndi amuna, ankakama ng'ombe ndi dzanja lopunduka lomwelo, ndipo pakamwa pake panali poopsa. Ana akayandikira khitchini masiku a Diwali ankawathamangitsa ndi chikuni. Tinkati ndi nkhanza. Sindinaganizepo kuti mwina ankawathamangitsira kutali ndi chiwaya. Chinthu china n'chakuti kuyambira tsiku lija sanadyenso chotsekemera chilichonse. Ngakhale zoperekedwa kale kwa mulungu, zimene aliyense amalandira ndi manja awiri, iye ankangozikhudzitsa pamphumi n'kupatsa mwana. Tiyi ankamwa wopanda shuga, mkazi wa mlimi wa nzimbe.

"Dhan, lawako kamodzi kokha," ndinkamunyengerera chaka ndi chaka. "Anthu akudya zala ndi lakri zakozi."

"Adye zawo, Didi. Zanga zinadyedwa kale."

Ana ake atatu anakula n'kuthawira kumzinda wa Suva, osatembenuka. Anatsala Mahen, wofatsa ngati ng'ombe yofula, amene anakwatira Premila, mtsikana wa m'tauni wogulitsa nsalu m'sitolo. Premila ankaseka ndi mano onse. Dhanraji anamulandira ndi mkwiyo. Ankati roti za mtsikanayo, mikate yathu yapachiwaya, zinali zokhuthala, mayendedwe ake anali aphokoso, kuseka kwake kunali kwa pamsika. Ndinkamumva akukalipa kuchokera kwathu, ndipo mtima unkandiwawa, chifukwa ndinkamva mawu a apongozi athu akutuluka m'kamwa mwake.

Chaka chachiwiri cha ukwati wawo, tsiku loti mawa ndi Diwali, Premila anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo mimbayo inkafuna shuga basi. Ankatafuna nzimbe mpaka nsagwada kuwawa. Ndinapita kukathandiza monga mwa masiku onse. Kunali kotentha kwambiri, denga la malata likuthetheka. Barfi inali itadulidwa kale, gulab jamun zili m'beseni, ine ndikukulunga masamba a koko. Mahen anali kumunda akupakira nzimbe. Bisun, tsitsi litayera koma mikono idakali ya wodula nzimbe, anakhala pakhonde akupota zingwe za nyali.

Dhanraji ankakazinga lakri, ndiye chiwaya cha shuga anachisiyira Premila. Anamuikira beseni la madzi pafupi ndi bondo.

"Ukayesa, dzanja m'madzi. Wamva?"

"Ndamva, Amma."

"Osati pa nsalu, osati pena paliponse. M'madzi."

"Amma, aka n'kachisanu mukunena. Mukuona ngati ndine khanda?"

"Ndikuona ngati ndiwe chitsiru cha m'tauni. Takasa."

Premila anandiyang'ana n'kutsinzinira diso. Anadontheza shuga, anauzira, anatanula. "Tiwiri, Amma! Taonani, tiwiri!" Ndipo chala chinapita pakamwa.

Ndinaona. Dhanraji anaonanso. Ndinadikira kuti akuwe monga anakuwira apongozi, koma anangotembenuzira nkhope ku moto n'kunena mokweza kuti, "Didi, tandipatsani nkhuni." Sindinafike n'komwe pa nkhunizo, chifukwa pakhomo panada. Bisun anali kuvula nkhwaira.

"Chala chiti?"

Zaka makumi atatu ndi chimodzi, mawu omwewo, kufatsa komweko. Premila nkhani ija sankaidziwa, ankadziwa zoti apongozi ake anaterereka ali mtsikana. Anatukula chalacho, akumwetulira mwamanyazi. "Pepani, Pitaji, ndi mwanayu akundi..."

"Bambo a Mahen," anatero Dhanraji, "ndanyambita ndine."

"Khala chete. Maso ndili nawo."

"Titaya shugayu. Tiphika wina. Shuga ali thumba lonse."

"Ndati khala chete!"

Anagwira Premila pamkono n'kumukokera ku moto. Apo ndi pamene mtsikanayo anazindikira, ndipo anakuwa. Dhanraji anavuula chipande chachitsulo m'mafuta owira n'kumumenya nacho mwamunayo patsaya. Chinamveka kuti tswee. Bisun sanasiye dzanja la mtsikanayo. Anatembenuka n'kumenya mkazi wake chibakera pakamwa, ndipo Dhanraji anagwera pa thireyi ya barfi, magazi n'kudonthera pa zoyera zija.

Ine amene ndinaima pakona zaka zonsezo ndinapezeka ndili pamsana pa Bisun, ndikumukoka malaya, ndikutukwana mawu amene sindinkadziwa kuti ndimawadziwa. Anandikantha ndi chigongono pachifuwa, mpweya n'kundithera, ndinagwa chagada pa nkhuni. Ndili pansipo ndinaona zonse. Premila atagwada, mimba ili pafupi ndi moto, dzanja lina likukanda nkhope ya Bisun, linalo likutsika ku chiwaya pang'onopang'ono. Shuga anali kuphulika thovu. Panatsala mpata wa chikhatho chimodzi.

Dhanraji anakwawa. Sanafune nsanza yogwirira. Anagwira chiwaya m'makutu ndi manja onse awiri, lakufa ndi lamoyo lomwe, anachikoka kuchichotsa pansi pa dzanja la mtsikanayo, n'kuchikhuthulira pa mapazi a mwamuna wake.

Munthu wolemekeza khitchini salowa ndi nsapato. Shuga yense anatera pakhungu. Bisun anabangula, anasiya mtsikana uja, analumpha, anaterereka n'kugwa m'shuga momwemo. Ankayesa kupukuta ndi manja, manjawo n'kumatirira. Anakwawira kunja akuitana amayi ake amene anamwalira kalekale, ndipo agalu a mudzi wonse anayamba kuuwa. Dhanraji anakhala pansi, akuyang'ana chikhatho chake chakumanzere chimene chinali chitatuwa ngati nsomba yowiritsa. Kenako anakoka dzanja la Premila, analitembenuza uku ndi uku, anawerenga zala. Zinali zisanu, zonse zabwinobwino.

"Chitsiru," anatero, magazi akutuluka m'kamwa. "Ndinati m'madzi."

Tinawanyamula pa lole ya nzimbe ya oyandikana nawo. Kuchipatala namwino wachitsikana anayang'ana mapazi a Bisun, tsaya lake, pakamwa pa Dhanraji, n'kufunsa chimene chachitika. Bisun anatsegula pakamwa, koma mkazi wake anamutsogolera.

"Anaterereka. Ndi wosasamala, ndamuuza kambirimbiri."

Namwino anandiyang'ana ine. Ndinagwedeza mutu, ndipo ulendo uno ndinagwedeza ndi mtima wonse. Bisun anatseka pakamwa. Akanati chiyani? Kuti woimba ng'oma wa kukachisi waphikidwa ndi mkazi wake? Anagona m'chipatala miyezi iwiri, anatuluka ndi ndodo, ndipo mpaka imfa yake sanapondenso m'khitchini kapena kutukulira munthu dzanja. Mahen atamva zonse anakhala pa njanji n'kulira, ndipo amayi ake anamuuza kuti akamaliza kulirako akawaze nkhuni.

Dhanraji anakana kugonekedwa. M'mawa wa Diwali tinakwecha khitchini ine ndi Premila, tinataya zonse za dzulo, n'kuyambiranso. Iye anakhala pa mpando pakhomo, dzanja lamanzere lili m'mabandeji, milomo itatupa, akutilamula ngati kapitawo. Shuga atawira anaviika zala zake ziwiri zija. Tinathira lakri, tinatakasa mpaka zinayera, tinaziyala pa thireyi.

"Premila, tenga kamodzi. Idya."

Mtsikanayo anabwerera m'mbuyo. "Amma, sitinapereke kwa Lakshmi."

"Tsiku limene unalowa pakhomo pano, wansembe anati walowa ndani?"

"Anati walowa Lakshmi. Amatero kwa mtengwa aliyense."

"Kwa inenso anatero. Ndiye Lakshmi ali ndi njala, ali ndi pakati. Idya."

Premila anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana kumbali. Anatola kamtengo kamodzi, analuma theka, misozi ikutsika.

"Kotsalako bwera nako kuno," anatero Dhanraji.

"Amma, ndi jutha. Ndaluma."

"Ndaona. Manja ndilibe, undidyetse."

Premila anamuika kachidutswako m'kamwa. Dhanraji anakakankhira ndi lilime mbali imene kunali mano, anatafuna pang'onopang'ono, nthawi yaitali, maso ali pa thireyi. Ndinkadikira kuti anene kuti shuga wachuluka kapena mafuta sanatenthe, poti ndiye anali mayankhulidwe ake. Anameza, n'kutembenukira kwa ine, ndipo nkhope imene ndinaona inali ya katsikana ka ku Dreketi kaja.

"Didi," anatero, "bwanji simunandiuze kuti zimakoma chonchi?"