Mayi Estela, Osenza Mbewu ya Nsomba

Mayi Estela Jeremiya, amene tinawaika m'manda mwezi wathawu, sankadziwa kukhala pansi. Ngakhale pa Misa ankangotakataka, kusinthasintha miyendo ngati akhalira nyerere. Ambiri tinkawaseka. Tikanadziwa, bwenzi titatseka pakamwa pathu.

Anabadwira kutsidya kwa malire, ku Mozambique, m'banja la alimi, ndipo anabatizidwa ali khanda. Atakwatiwa, Mulungu anawapatsa mwana mmodzi yekha, Leticia. Mu 1987 nkhondo inalowa m'mudzi mwawo, amuna awo nkuphedwa ali kumunda. Anthu akuthawira ku Katuli, mfuti zinalira powoloka mtsinje, aliyense nkumwazika, ndipo mwana wa zaka zitatu uja anapulumuka m'manja mwawo. Anamuitana mpaka mawu anatha. Chomuzindikirira chinali chimodzi chokha, chipsera cha moto padzanja lamanzere.

Kumsasa wa othawa nkhondo sanakhalitse. Anamva kuti ana ena otayika anatoledwa ndi mabanja a kunyanja, ndiye anatsika wapansi mpaka ku Lungwena. Kumeneko Che Jaffalie, Msilamu amene anali ndi madamu oswetsera nsomba, anawalemba ntchito.

Ntchito ya m'madamu si yamasewera ayi. Tsiku lonse munthu ali m'madzi olekeza m'chiuno, kukoka ukonde, kuzula udzu, kuthira madeya ndi zitosi za nkhuku. Misundu inkawayamwa, likodzo linawagwira kawiri, ndipo mapazi anachita zilonda zosapola. Antchito ankakhala m'chisakasa chodontha pambali pa damu kuti azipirikitsa ang'azi ndi akatumbu. Koma ntchito imene aliyense ankaithawa inali yokapereka mbewu, tiana ta makumba ndi chambo, kwa alimi a kumidzi. Tinsombato timanyamulidwa mu ndowa, ndipo ndowayo situlidwa pansi. Madzi akangodekha mpweya umatha, mbewu nkufa. Munthu ayenera kuyenda osaima kuti madzi azigwedezeka, akafika pamtsinje asinthe madziwo msangamsanga.

Mayi Estela anachita kuipempha okha ntchitoyi.

"Amuna a njinga akuikana, inu mukuifuniranji?" anafunsa Che Jaffalie.

"Ndowayi imalowa mudzi uliwonse, bambo. Ine ndili ndi mwana woti ndimufune."

Kwa zaka zisanu ndi chimodzi anayenda ndowa ili pamutu, dzuwa liswe mtengo, mvula igwe. Korona ankapemphera akuyenda, moni ankapereka akuyenda, ndipo pakhomo lililonse maso awo ankathamangira pamanja a ana. Alimi ankawakonda chifukwa mbewu yawo inkafika yamoyo. Loweruka madzulo, atatopa chotero, ankakasesa m'tchalitchi ndi kukazonda odwala. Tikawauza kuti apumeko ankati, "Miyendoyi ndi ya Mulungu, akafuna aiimitsa yekha."

Mu 1993, malole atayamba kubweza othawa nkhondo kwawo, Mayi Estela anapititsa mbewu kwa Abiti Ibrahimu, mayi wamasiye wa kufupi ndi Katuli amene anali atangokumba damu. Mtsikana wofunda mpango kumutu anatuluka kudzawalandira. Atatambasula manja, chipsera chija chinali pomwepo.

Mayi Estela anatula ndowa pansi. Anakhala pafumbi, kumangomuyang'ana mwanayo. Pamene ankakumbukira ndowa, tinsomba tonse tinali titayandama, mimba zili m'mwamba.

Abiti Ibrahimu sanabise kanthu. Anati mwanayo anamutola akulira m'mabango chaka cha mfuti chija, namulera, namutcha Mwanamvua. Misozi ili mbwee anamuitana mtsikanayo. "Mwanamvua, awa ndi amayi ako okubereka."

Mtsikanayo anathawira kumbuyo kwa Abiti Ibrahimu, nagwira chitenje chawo zolimba. "Sindikuwadziwa ine! Amayi, musandipereke!"

Ha, zinawawa! Mayi Estela analira njira yonse yobwerera, ndowa ili yopanda kanthu. Atafika anagwada, naulula kwa Che Jaffalie kuti apha mbewu yonse, nafotokoza chifukwa chake. Mkuluyo anangoti, "Alhamdulillah, Mulungu atamandike, mwana ali moyo. Mawa mutenge ndowa ina, mupitenso komweko."

Ife akhristu anzawo a mumphakati tinawaumiriza kwambiri. Pitani kuboma, mwana ndi wanu, komanso ndi wobatizidwa! Malole akutha, mutengeni muzipita kwanu! Iwo anakana kwamtuwagalu. "Anakwatulidwa kamodzi m'manja mwa mayi wake. Ine ndimukwatulenso kachiwiri? Ndinapempha Mulungu kuti ndimuone ali moyo, ndipo ndamuona." Tinawakwiyira, sindikubisa.

Kwawo sanabwerere. Anapitiriza kusenza mbewu, ndipo ulendo wa ku Katuli sankalola kuti wina auyende. Mwanamvua ankawagwadira, kuwapatsa madzi akumwa, koma ankangowatchula kuti "a nsomba aja". Anakula, anakwatiwa mwa Chisilamu, anabereka ana anayi, koma dzina lija loti "a nsomba aja" osasintha. Mayi Estela ankabwerako mtima uli m'malere, nkuyambanso kuwerenga masiku a ulendo wina. Ankadikira liwu limodzi lokha, koma sanalipemphe ndi tsiku limodzi lomwe.

Chaka chino thupi linakana. Likodzo lakale lija linali litawononga chiwindi, ndipo anagona miyezi itatu akungotembenuka pamphasa. Lachinayi lina masana, Bambo Mfumu atsopano a parishi yathu anabwera kudzawadzoza mafuta a odwala. Anapeza mayi wachisilamu atakhala pansi, mutu wa wodwalayo uli pamiyendo pake.

"Pepani mayi, inu ndinu ndani wawo?" anafunsa Bambowo.

Mwanamvua anawerama kanthawi, kenako anadzutsa mutu. "Ndine mwana wawo. Awa ndi amayi anga."

Mayi Estela anamva. Anatsegula maso, namuyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Basi, Bambo, yambani." Analandira mafuta ndi Ukaristia, ndipo dzuwa lisanapendeke anatisiya mwakachetechete, ali pamiyendo pomwepo.

Ife amene tinkawauza kuti akalande mwana tinali m'nyumbamo, mitu ili pansi ndi manyazi. Ambuye awalandire mumtendere wawo, ndipo ifenso atiphunzitse kukonda mosakakamiza.